Chikondwerero cha nyimbo za jazi: chiyambi chake, kumene chimachitikira, ndi momwe wa ku Milange angapitireko ndi anzake

Chikondwerero cha jazi ndi msonkhano wa magulu ambiri oyimba omwe amasinthana pabwalo kwa tsiku limodzi, awiri kapena atatu, anthu akuonerera. Chimasiyana ndi dansi ya kubaraka kapena ya paukwati chifukwa nyimbo sizichokera m'foni kapena m'kompyuta ya DJ. Woyimba aliyense amakhala pomwepo ndi chida chake m'manja, ndipo mbali yaikulu ya zomwe mukumva amazipeka nthawi yomweyo. Nyimbo yomwe yayimbidwa Lachisanu ikabwerezedwa Loweruka imatuluka mwina.

Achinyamata ambiri a kuno kumalire amaona zithunzi za zikondwererozi pa Facebook ndi pa WhatsApp, n'kumaganiza kuti ndi za mabwana a ku Maputo ndi ku Lilongwe okha. Pa nkhani ya mtengo sakunama kwenikweni. Koma pa nkhani ya nyimbo akulakwitsa, chifukwa mawu akuti jazi anafika m'midzi ya m'mbali mwa phiri la Mulanje ndi la Tumbine kalekale, zikondwerero zimenezi zisanayambe n'komwe.

Jazi yomwe makolo athu amaidziwa

Mukafunsa munthu wazaka 50 kapena 60 ku Milange kuti jazi n'chiyani, sakuuzani za America. Akuuzani za anyamata atatu kapena anayi okhala pansi pa mtengo pamsika, wina ali ndi banjo ya chigubu cha mafuta, wina ng'oma yoponda ndi phazi, wina zitsekerero za mabotolo zotungidwa pawaya, ndipo wina atakhalira chida chachikulu cha chingwe chimodzi chomwe ambiri lero amachitcha babatoni. Zingwe zinkachokera ku waya wa buleki ya njinga, chikopa chinali cha mbuzi kapena cha ng'ombe. Magulu otere ankadzitcha okha kuti jazz band, ndipo ambiri ankatenga dzina la mtsinje kapena phiri la kwawo: Mulanje Mountain Jazz Band, Linengwe River Jazz Band, Chimvu Jazz.

Wotchuka kwambiri mwa onsewa anali Alan Namoko wa ku Thyolo, woyimba wosaona yemwe ankatsogolera gulu la Chimvu Jazz. Ankayimba m'Chichewa ndi m'Chilomwe, zilankhulo zomwezi zomwe zimamveka pa feira iliyonse m'boma lathu lino. Anamwalira mu 1995. Nyimbo zake zinkaulutsidwa pa wayilesi ya MBC, ndipo mafunde a wayilesi safunsidwa chiphaso pamalire. M'zaka za nkhondo, makamaka kuyambira 1986 pomwe tawuni ya Milange inasanduka bwinja, anthu ochuluka a kuno anakakhala ku Mulanje ndi m'maboma oyandikana nawo. Atabwerera pambuyo pa pangano la mtendere la pa 4 Okutobala 1992, anabwera ndi makaseti ndiponso khutu lozolowera nyimbo zimenezi.

Chakumadzulo pang'ono, m'mudzi wa Singano pafupi ndi Chileka, munali abale awiri, Daniel ndi Donald Kachamba. Iwo ankayimba kwela, nyimbo za kachitoliro kachitsulo zomwe zinatchuka m'misewu ya ku Johannesburg m'zaka za m'ma 1950. Katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawapeza akuyimba ku Blantyre mu 1967, ndipo patapita zaka zochepa anali akuyimba m'maiko a ku Ulaya. Daniel anamwalira mu 1987, Donald mu 2001. Anyamata omwe anthu ankawaponyera makobidi mumsewu ndi omwewo amene akatswiri a kunja ankalipira kuti akawamve.

Kodi nyimbo za banjo zimenezi ndi jazi yeniyeni? Aphunzitsi a nyimbo amakangana pamenepa. Ena amati dzina lokha ndilo linabwerekedwa kuchokera pa magalamafoni omwe anthu a ku migodi ankabwera nawo. Ife tikuona kuti chinabwerekedwa n'choposa dzina. Mukamvetsera bwino, mupeza kuti banjo imasiya nyimbo n'kuyamba kuyenda njira yakeyake kwinaku ng'oma ndi besi zikusunga mayendedwe, kenaka n'kubwerera. Mtima wa jazi ndi umenewo.

Kuchokera ku New Orleans kudzafika ku Joni

Jazi ya m'mabuku inabadwira mumzinda wa New Orleans, kummwera kwa dziko la United States, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Anaiyambitsa ndi anthu akuda, zidzukulu za akapolo otengedwa ku Africa. Anasakaniza nyimbo za kumunda, za kutchalitchi, za blues, ndi malipenga a magulu oguba. Mbale yoyamba ya galamafoni ya jazi inatuluka mu 1917. Louis Armstrong, woliza lipenga wobadwa mu 1901 mumzinda womwewo, ndiye anaifalitsa padziko lonse. Mu 1954 anajambula Skokiaan, nyimbo yopekedwa ndi August Musarurwa wa ku Zimbabwe, ndipo mu 1960 anadzayimba yekha ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Choncho katundu sankangochokera ku America kubwera kuno. Wina ankachoka kuno kupita uko.

Ku South Africa jazi inakumana ndi marabi ndi kwela, n'kubala mtundu wakewake. Mayina monga Hugh Masekela, Miriam Makeba ndi Abdullah Ibrahim anachokera m'menemo. Amuna a ku Mozambique ndi ku Malawi omwe ankapita ku migodi kudzera ku Wenela anali mlatho waukulu. Ray Phiri, mtsogoleri wa gulu la Stimela yemwe analiza gitala pa chimbale cha Graceland cha Paul Simon mu 1986, anali mwana wa bambo wochokera ku Malawi.

Dziko lathu lili ndi akatswiri ake. Jimmy Dludlu, woliza gitala, anatulutsa chimbale chake choyamba, Echoes from the Past, mu 1997, ndipo ndi mmodzi mwa oyimba jazi odziwika kwambiri kummwera konse kwa Africa. Moreira Chonguiça, wobadwira ku Maputo mu 1977, amaliza saxophone; anaphunzira nyimbo pa University of Cape Town ndipo mu 2017 anatulutsa chimbale cha M&M pamodzi ndi Manu Dibango wa ku Cameroon. Tsidya linalo kunali Wambali Mkandawire, yemwe ankaluka jazi ndi nyimbo za Chitumbuka, mwini chimbale cha Zani Muwone, amene anamwalira mu Januwale 2021. Kulinso Erik Paliani, woliza gitala yemwe anakonza chimbale cha Hugh Masekela chotchedwa Phola cha mu 2009. Tangoganizani, Mmalawi kuuza Masekela poyambira ndi polekezera.

Chikondwerero cha jazi monga tikuchidziwira lero chinatchuka ndi cha ku Newport, ku United States, chomwe chinayamba mu 1954. Cha ku Montreux, ku Switzerland, chinatsatira mu 1967. Bungwe la UNESCO linakhazikitsa 30 Epulo kukhala tsiku lokumbukira jazi padziko lonse, ndipo linayamba kukumbukiridwa mu 2012.

Zomwe zimachitika pabwalo

Munthu wopita koyamba amasokonezeka ndi chinthu chimodzi: nyimbo imatha kutenga mphindi khumi kapena kuposa popanda wotsegula pakamwa. Wozolowera nyimbo za mawu amayamba kuyang'ana foni, n'kumadikira kuti ayamba liti. Chonsecho anayamba kale.

Dongosolo lake nthawi zambiri limakhala lotere. Gulu lonse limayamba ndi mutu wa nyimbo, kachigawo kafupi kosavuta kukumbukira. Mutuwo ugwireni, chifukwa ndiwo msewu. Ukatha, woyimba mmodzi, tinene wa saxophone, amatsogola n'kuyamba kupeka zake pamwamba pa msewu womwewo, pomwe wa besi, wa ng'oma ndi wa piyano akumusungira mayendedwe. Akatha amapatsira wa gitala, wa gitala amapatsira wa lipenga. Nthawi zina wa ng'oma ndi wa lipenga amayankhizana tizigawo tifupitifupi ngati anthu awiri okangana pachitsime. Pomaliza onse amabwerera ku mutu uja n'kutseka.

Amene anaonererapo tchopa kapena Gule Wamkulu sayenera kuvutika nazo. Pabwalo la gule, ng'oma zing'onozing'ono zimasunga kugunda kosasintha, pomwe ng'oma yaikulu imatsata mapazi a wovina, kumuputa ndi kumuyankha. Palibe anazilemba papepala, koma palibenso amene akungomenya mwachisawawa. Woyimba jazi wabwino amadziwika ndi kumvetsera anzake kuposa kuthamanga kwa zala. Yang'anani maso awo: kugwedeza mutu pang'ono ndi chizindikiro chakuti ndatha, tenga.

Mwambo wa oonerera ndi kuomba m'manja woyimba aliyense akangomaliza chigawo chake, ngakhale nyimbo ikupitirira. Si kusokoneza ayi, ndi malipiro ake. Nthungululu sizoletsedwa pabwalo la panja. M'holo ya mipando anthu amakhala chete woyimba akamaliza motsitsa, ndipo kukamba nkhani mokweza pamenepo kumakupezetsani maso oipa. Pa zikondwerero za kuno kummwera kwa Africa, usiku ukamapita, mipando imaiwalika ndipo anthu amavina.

Apa ndi pomwe anzanu amathandiza. Wina amamva besi, wina amatsata ng'oma, wina anangobwerera woyimba mmodzi. Pa nthawi yopuma mumafunsana, ndipo zomwe khutu lanu linaphonya mumazitola kwa mnzanu. Mikangano ya m'chapa pobwerera, yoti anaposa ndani, imatha kukhala mwezi wathunthu.

Dziwaninso kuti dzina lakuti jazi pa chikwangwani silitanthauza jazi yokhayokha. Okonza amafuna kugulitsa matikiti, choncho amasakaniza ndi marrabenta, afro-pop, reggae, ngakhale nyimbo zauzimu. Komanso zikondwerero zambiri zopanda dzina la jazi zimakhala ndi oyimba jazi pandandanda. Choyenera kuwerenga ndi mayina a oyimba.

Zikondwererozi zili kuti

M'dziko lathu, jazi yambiri ili ku Maputo. Moreira Chonguiça anayambitsa More Jazz Series, mndandanda wa makonsati obweretsa akatswiri a kunja kudzayimba ndi a kuno, ndipo ali ndi gulu lophunzitsa achinyamata lotchedwa More Jazz Big Band. Kuli Festival AZGO, yomwe inayamba mu 2011 ndipo kawirikawiri imachitika mu Meyi. Si ya jazi yokha, koma oyimba a mtunduwu sasowapo. Centro Cultural Franco-Moçambicano imakhala ndi makonsati chaka chonse. Vuto ndi mtunda. Kuchoka ku Milange kudzera ku Mocuba, Nicoadala, mlatho wa pa Zambezi ku Caia, Inchope mpaka ku Maputo ndi makilomita oposa 1,500, ndipo pa basi ndi ulendo wa masiku awiri mbali imodzi. Kwa mlimi, sabata yathunthu yapita.

Pafupi, m'chigawo chathu cha Zambezia, kuli Carnaval ya ku Quelimane kumayambiriro kwa chaka ndi Festival de Zalala ya kugombe la Zalala chakumapeto kwa chaka. Zimenezi si za jazi, koma zimakhala ndi magulu oyimba ndi zida, ndipo sizifuna pasipoti. Kwa gulu la anzanu lomwe silinayendepo limodzi, ndi poyesera pabwino.

Kunena zoona, mzinda waukulu wapafupi ndi ife ndi Blantyre, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchoka pa Muloza, pomwe Quelimane ili pa makilomita oposa 300. Blantyre Arts Festival inayamba mu 2009 ndipo kawirikawiri imachitika mu Okutobala, ndi nyimbo, zisudzo, ndakatulo ndi magule. Mumzindawu mulinso malo omwe magulu amayimba jazi Lamlungu masana, pa mtengo wotsika kuposa wa chikondwerero. Ku likulu la dzikolo kunayambika Lilongwe Jazz Festival mu 2018. Kunyanja kuli ziwiri zodziwika. Lake of Stars inayambira ku Chintheche mu 2004, ndipo yachitikirapo ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota, nthawi zambiri mu Sepitembala. Sand Music Festival inayambitsidwa ndi malemu Lucius Banda mu 2010, ndipo kwa zaka zambiri yakhala ikuchitikira pamchenga wa ku Senga Bay, ku Salima.

Chimodzi choyenera kuchitchula padera ndi Tumaini Festival, yomwe imachitikira mumsasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka, ku Dowa. Anaiyambitsa mu 2014 mlakatuli wa ku Congo wodziwika ndi dzina lakuti Menes La Plume, yemwe anali wothawa kwawo mumsasamo. Polowa salipiritsa, ndipo alendo ena amagona m'nyumba za mabanja a mumsasa, polipira kangachepe. Kwa ife omwe makolo athu anakhalapo m'misasa ya ku Malawi, kuona msasa ukulandira alendo odzamva nyimbo kumakhudza penapake.

Zazikulu kwambiri zili ku South Africa: Cape Town International Jazz Festival, yomwe inayamba mu 2000 ndipo imachitika cha mu Malichi kapena Epulo, ndi Joy of Jazz ya ku Johannesburg mu Sepitembala. Izi n'zotheka kwa amene ali ndi abale kumeneko.

Zikondwerero zimadumpha zaka, zimasintha malo ndi masiku. Mliri wa Covid-19 unaimitsa zambiri mu 2020 ndi 2021, ndipo zina zimaima chifukwa chosowa othandiza ndi ndalama. Musagule tikiti ya basi musanaone chilengezo cha chaka chimenecho kuchokera kwa okonza eni ake.

Ndalama ndi nyengo

Apa ndiye pagona nkhani. Zikondwerero zambiri za ku Malawi zimachitika kuyambira Sepitembala mpaka Novembala, chifukwa kulibe mvula. Miyezi yomweyo ndi imene mlimi wa ku Milange wangogulitsa nandolo ndipo m'thumba muli kanthu. Koma ndi miyezi yomweyonso yososa ndi kugalauza, yogula mbewu ndi feteleza, yolipira aganyu. Ndalama ya nandolo imaoneka yambiri tsiku logulitsa, koma inali kale ndi eni ake. Ndipo mtengo wa nandolo suli m'manja mwathu: umadalira msika wa ku India, ndipo aliyense akukumbukira momwe unagwera mu 2017.

Malangizo athu ndi osabisa. Ndalama ya ulendo isachokere pa ndalama ya mbewu, ndipo chimanga cha m'nkhokwe chisagulitsidwe chifukwa cha tikiti. Njira yomwe imagwira ndi yomwe timaidziwa kale, ya xitique kapena chipereganyu. Anthu anayi kapena asanu agwirizane kuyambira nthawi yokolola chimanga, mu Meyi kapena Juni, kuti aliyense aziponya kangachepe pa sabata. Msungichuma akhale mmodzi, koma zonse zilembedwe m'kope ndipo aliyense azitha kuliona. Mugwirizane poyambirira zomwe zidzachitike wina akadzalephera kupita chifukwa cha maliro kapena matenda: abwezeredwa zonse, kapena kuchotsapo zomwe zagulidwa kale? Maubwenzi ambiri amathera pa funso limeneli chifukwa silinafunsidwe pa nthawi yake.

Powerengera, tikiti yolowera ndi gawo limodzi chabe. Palinso thiransipoti yopita ndi yobwerera, malo ogona, chakudya, ndi kena koyika padera pa zadzidzidzi. Chakudya ndi zakumwa za m'kati mwa mpanda zimakwera mtengo kuposa kunja, ndipo okonza ambiri salola kulowa ndi zanu. Idyani nsima musanalowe. Gulu limapulumutsa ndalama pa chipinda chimodzi chogawana kapena tenti imodzi, ndipo wokhala ndi m'bale ku Limbe, ku Bangwe kapena ku Ndirande amakhala mfumu ya ulendo. Kwa m'baleyo musapite chimanjamanja. Kathumba ka nyemba kapena ka ufa woyera kamatsegula chitseko chaka chamawa.

Matikiti ambiri amatsika mtengo mukagula msanga ndipo amakwera pachipata. Gulani pa malo okhawo omwe okonza alengeza. Wolemba nkhaniyi anaonapo mnzake akubwezedwa pachipata atagula tikiti yotchipa kwa munthu wa pa WhatsApp. Tikitiyo inali chithunzi chomwe anthu ena angapo anali atagulitsidwanso, ndipo woyamba kufika ndiye analowa. Tinasonkherana kuti alowe, n'kubwerera kwathu ndi njala.

Ku Milange timagwiritsa ntchito meticais ndi makwacha mosinthasintha, koma mtengo wa kwacha umasuntha: mu Novembala 2023 inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Sungani ndalama za gulu mu meticais ndipo musinthe ulendo utayandikira. Werengani ndalama zanu musanachoke pamaso pa wosintha. M-Pesa ndi e-Mola zimathandiza mbali yathu ino. Mukawoloka, zomwe ogulitsa amadziwa ndi Airtel Money ndi TNM Mpamba, ndipo kunyanja netiweki imalemedwa anthu akachuluka. Khalani ndi ndalama zina m'manja, zogawidwa m'matumba a anthu awiri kapena atatu.

Pamalire

Ambiri tinazolowera kuwoloka mtsinje wa Muloza kupita ku msika wa Limbuli, kuchigayo kapena kumaliro popanda wotifunsa zambiri. Ulendo wa ku Blantyre, ku Salima kapena ku Lilongwe ndi wina. M'njira muli zipata za apolisi, ndipo mlendo wopanda chidindo cholowera amatengedwa ngati wolowa m'dziko mozemba, ngakhale alankhule Chichewa chomveka bwanji. Dutsani pachipata chovomerezeka cha Milange ndi Muloza, ndipo onetsetsani kuti mwadindidwa mbali zonse ziwiri, potuluka ndi polowa. Nzika za Mozambique zokhala ndi pasipoti sizifunika visa pa ulendo waufupi wa ku Malawi. BI yokha musaidalire. Amene alibe pasipoti afunse ku ofesi ya Migração, ya SENAMI, kudakali miyezi, za chikalata choyenera ulendo wakewo ndi mtunda womwe chimamulola kufika. Yang'anani tsiku lomwe pasipoti yanu ithere mphamvu, ndiponso masiku omwe wodinda wakulemberani.

Chipata sichikhala chotsegula usiku wonse. Konsati ikatha pakati pa usiku ku Blantyre, musaganize zofika kwanu usiku womwewo. Gonani, mudzanyamuke m'mawa. Opita pa galimoto kapena njinga yamoto yawo afunika mapepala a galimotoyo, chilolezo cholowetsera kwa kanthawi ndi inshuwalansi yogwira ntchito ku Malawi. Mwana wosakwana zaka 18 amafunika makalata ake ndi chilolezo cha makolo, ndipo zikondwerero zina sizilola ana usiku.

Kuchoka pa Muloza, maminibasi amadutsa pa Limbuli ndi pa boma la Mulanje, kenaka n'kulowera ku Limbe kudzera msewu wa Midima kapena wa ku Luchenza ndi Thyolo. Amene munapitako ku mwambo wa Mulhako wa Alhomwe pa Chonde mu Okutobala njirayi mukuidziwa. Opitirira ku Lilongwe kapena ku Salima amasintha galimoto ku Limbe kapena pa depoti ya Wenela ku Blantyre, dzina lomwe latsala kuchokera kwa olemba anthu a ku migodi aja. Nyamukani m'bandakucha kuti mufike kukuwala, mupeze pogona musanapite kubwalo.

Usiku wa chikondwerero

Mukangolowa, sankhani malo amodzi okumanirana, monga pafupi ndi tenti ya achipatala kapena pa chipata chachikulu, ndi nthawi yake. Mafoni amatha moto, ndipo m'phokoso simumvana. Lembani nambala za anzanu papepala. Pasipoti isakhale m'thumba la kumbuyo. Akuba a m'matumba amagulanso matikiti.

Mwa gulu lonse, mmodzi akhale wosamwa usiku umenewo, ndipo ngati pali galimoto, makiyi akhale kwa iyeyo. Mtsikana kapena mayi wa m'gulu asabwerere yekha kogona, ndipo chakumwa chomwe mwachisiya patebulo n'kuchokapo musachimwenso. Ngati mwakwatira kapena kukwatiwa, nkhani ya ulendowu ikambidwe kunyumba xitique isanayambe, osati chikwama chili kale pamutu. Mabanja ena amapita onse awiri, ana n'kutsala ndi agogo.

Kunyanja zoopsa ndi ziwiri. Choyamba ndi kusambira usiku munthu atamwa. Mphepo ya mwera imadzutsa mafunde mwadzidzidzi, ndipo ife a kumapiri ambiri sitidziwa kusambira pa madzi akuya. Chachiwiri ndi udzudzu: tengani neti ngakhale mukagone m'tenti. Masana a Okutobala ku Salima ndi ku Mangochi kumatentha kuposa kuno, choncho madzi akumwa ndi chipewa n'zofunika, koma m'bandakucha kumazizira ndipo kapulana imagwira ntchito zitatu, yofunda, yoyala ndi yotchinga dzuwa.

Fikani msanga. Oyimba akuluakulu amakwera pabwalo usiku kwambiri, koma masana ndi nthawi ya magulu ang'onoang'ono, ndipo kawirikawiri ndi pomwe mumapeza zida zopanga okha. Madalitso Band, anyamata awiri omwe ankayimba m'misewu ya ku Lilongwe ndi babatoni, gitala ndi ng'oma ya phazi, lero amayimba pa zikondwerero za ku Ulaya. Ngati m'gulu lanu muli woliza banjo kapena gitala, atenge nambala ya okonza: zikondwerero zingapo zimalengeza miyezi ingapo chisanachitike kuti oyimba atsopano atumize nyimbo zawo, ndipo kanema womveka bwino wojambulidwa pa foni amakwana kuyambira.

Pobwerera, onetsetsani kuti chidindo chotulukira ku Malawi chalowa m'pasipoti musanakwere kabaza wa pa Muloza. Chikasowa, mudzachifotokoza pa ulendo wotsatira.